Munda wa M'mbali mwa Msewu ndi Diso la Kumwamba

Mwezi wa February, msewu wa M5 wochoka ku Balaka kupita ku Salima umadutsa pakati pa chimanga chokhachokha. Kuyambira ku Bwanje ndi Sharpevale mpaka kukafika ku Golomoti ndi Mtakataka, chigwa chonse chimakhala chitabiriwira. Kumadzulo mapiri a Ntcheu ndi Dedza amakhala atafunda mitambo, kumunsi kuno malambe ataima m'minda, ngayaye zikugwedezeka ndi mphepo. Bwana wodutsa pa galimoto amatsitsa galasi, n'kuponya maso uku ndi uku, ndipo asanafike pa Mua amakhala atagamula kale kuti chaka chino kuli dzinthu. Mawa lake pamsonkhano ku Lilongwe amalankhula molimba mtima, poti wadzionera yekha.

Kuona waonadi. Koma chimene waona ndi mizere yochepa yoyandikana ndi phula, ndipo minda imeneyo siimira chigwa chonse. Mwini munda wa m'mbali mwa msewu ali pafupi ndi sitolo ya feteleza, ali pafupi ndi msika, ndipo mlangizi amamupeza mosavuta. Nawo makampani a mbewu sapusa: munda wachitsanzo, wothiridwa feteleza kawiri ndi kupaliridwa pa nthawi yake, amauika podutsa anthu ambiri n'kuzikapo chikwangwani. Munda wa mayi wamasiye kuseri kwa dambo, kumene dothi la makande limameza matayala mvula ikangogwa, mlendo saupondamo mpaka dzinja litatha.

M'chaka cha 1983, katswiri wa zachitukuko wa ku Britain, a Robert Chambers, adatulutsa buku lotchedwa Rural Development: Putting the Last First, momwe adafotokoza mmene anthu a m'tauni amadzinamizira akapita kukayendera midzi. Amatsata phula. Amayenda chilimwe misewu itauma, osati miyezi ya njala. Amathamangira komwe kuli pulojekiti kale. Amacheza ndi amfumu, ndi abambo, ndi alimi ozolowera kuyankha alendo, pamene wodwala, nkhalamba ndi amene walawirira ku ganyu sapezeka pansi pa mtengo wa msonkhano. Palibe mlendo amene amanyamuka kwawo n'cholinga chokanama. Lipoti lake limapendekeka lokha.

Kupendekeka kumeneku si matenda a mabwana okha ayi. Akatswiri awiri a kaganizidwe ka anthu, a Amos Tversky ndi a Daniel Kahneman, adaonetsa m'chaka cha 1974, m'magazini ya Science, kuti munthu poweruza zinthu zimene sazidziwa bwino amadutsa njira zachidule, ndipo njirazo zimamusocheretsera mbali imodzimodzi nthawi ndi nthawi. Ina mwa njirazo ndi iyi: chimene chafika msanga m'mutu, munthu amachiyesa ndicho chochuluka. Ina ndi yakuti nambala yoyamba kuimva imakoka yankho lonse. Pofuna kutsimikiza, awiriwa ankazunguza gudumu lolembedwa manambala pamaso pa anthu, kenako n'kuwafunsa kuti mwa mayiko 100 alionse a m'bungwe la United Nations, angati ndi a mu Africa. Omwe gudumu lidawaimira pa 10 ankayankha cha m'ma 25. Omwe lidawaimira pa 65 ankayankha cha m'ma 45. Onsewo ankadziwa kuti gudumu silidziwa kanthu za Africa, komabe lidawakoka. A Kahneman adadzalandira mphoto ya Nobel m'chaka cha 2002.

Tsono taganizirani za mlangizi wa m'dera la zaulimi la Sharpevale. Chaka ndi chaka unduna wa zamalimidwe umachita kauniuni wa zokolola m'magawo atatu, ndipo manambala ake amayambira kwa alangizi. M'madera ambiri m'dziko muno mlangizi mmodzi amayang'anira mabanja oposa 2,000, kawirikawiri pa njinga yakapalasa. Minda yonse sangaipondemo. Pa tebulo pake pali fomu, ndipo m'mutu mwake muli nambala ya chaka chatha. Ngati gudumu lopanda pake lidakoka anthu aja, nanji nambala imene iye mwini adailemba ndipo akuluakulu ake adaivomera?

Mlimi nayenso ali ndi zake. Mukamufunsa kukula kwa munda, yankho limakhala theka la ekala, ekala imodzi kapena maekala awiri, ngati kuti makolo pogawa malo ankayenda ndi tepi. Pa kafukufuku wa mabanja wa 2010/11, ofesi yoona za chiwerengero ya National Statistical Office ku Zomba, mothandizana ndi World Bank, idayeza minda ndi makina a GPS n'kufananiza ndi zimene eni ake adanena. Zimene zidapezeka kuno n'zomwenso zidapezeka m'mayiko ena a mu Africa: eni timinda ting'onoting'ono amakuza munda wawo, eni minda ikuluikulu amauchepetsa. Pa zokolola ndiye mpovutirapo. Wina amawerenga ngolo, wina madengu, wina matumba, chimanga china chili ndi zitsononkho, china chotonola. Chachiwisi chimene ana adaotcha mwezi wa March palibe amachikumbukira. Ndipo pakamveka kuti akulemba mayina a chithandizo, nkhokwe zimachepa m'mudzi monse tsiku lomwelo. Chotsirizachi si kusokera kwa maganizo, ndi nzeru ya munthu wodziwa njala, koma pa fomu zonse zimaoneka chimodzimodzi.

Zolakwa zing'onozing'ono zotere zikaunjikana kuchokera kumudzi kufika ku likulu, zimatha kupha. M'chaka cha 2001 chimanga m'dziko muno chidatsika kuchoka pa matani pafupifupi 2.5 miliyoni kufika pa 1.7 miliyoni. Ambiri m'boma ndi m'mabungwe othandiza sadade nkhawa, chifukwa manambala ankaonetsa kuti chinangwa ndi mbatata zachuluka kotero kuti zikwirira dzenjelo. Manambalawo adali okokomeza. Bungwe la Save the Children lidachenjeza chaka chisanathe kuti ku Salima ndi ku Mchinji zinthu zaipa, koma boma la a Bakili Muluzi lidalengeza za ngozi ya njala kumapeto kwa February 2002, anthu atayamba kale kufa, chimanga cha m'nkhokwe za dziko chitagulitsidwa.

N'chifukwa chiyani chenjezo lidachedwa kumveka? Zifukwa za ndale ndi za ndalama zidalipo zambiri, koma palinso chizolowezi cha mutu wa munthu chimene a Peter Wason a ku London adachionetsa m'chaka cha 1960. Iwo ankapatsa ophunzira manambala atatu, 2, 4 ndi 6, n'kuwauza kuti apeze lamulo limene manambalawo akutsata, poyesa manambala ena atatuatatu. Ambiri ankaganiza kuti lamulo ndi kuonjezera ziwiri, ndiye ankangoyesa 8, 10, 12 kapena 20, 22, 24, n'kumakondwa akauzidwa kuti akhoza. Lamulo lenileni lidali losavuta: manambala alionse okwera. Ochepa okha ndiwo ankayesa dala manambala otsutsa ganizo lawo. Munthu amene wakhulupirira kale kuti m'midzi muli chinangwa, akamva za njala amayamba wakayika wobweretsa uthengayo.

Patadutsa zaka zochepa nkhani idatembenuka. Makuponi a feteleza wotsika mtengo atayamba mu 2005/06, pa ulamuliro wa a Bingu wa Mutharika, unduna udalengeza kuti mu 2006/07 dziko lakolola chimanga choposa matani 3 miliyoni. Kalembera wa zaulimi amene National Statistical Office idachita nyengo yomweyo adapeza matani pafupifupi 2.1 miliyoni. Maofesi awiri a boma limodzi, munda womwewo, kusiyana kwake matani oposa miliyoni. M'chaka cha 2017, akatswiri atatu a ku Michigan State University, a Joseph Messina, a Brad Peter ndi a Sieglinde Snapp, adabweretsa mboni yachitatu m'magazini ya Nature Plants. Mboniyo idali zithunzi za setilaiti, ndipo sizidaonetse kulumpha kwakukulu kumene manambala a unduna ankanena. Sikuti makuponi sadathandize konse, koma kukula kwa thandizolo mpaka lero anthu amatsutsanabe.

Zimene setilaiti imaona

Tsamba lathanzi limameza kuwala kofiira kwa dzuwa, poti ndi kumene limapangira chakudya, koma limabweza mwamphamvu kuwala kwina kosaoneka ndi maso kumene asayansi amakutcha infrared. Tsamba likafota kapena kudwala, kofiira kobwezedwa kumachuluka, kosaoneka kuja n'kuchepa. Makina a pa setilaiti amayeza mitundu iwiriyi n'kuwerengera kusiyana kwake, ndipo yankho limatuluka nambala imodzi yotchedwa NDVI. Dothi lopanda kanthu limapereka 0.1 kapena 0.2. Chimanga chotseka bwino mizere chimafika 0.7 kapena kuposapo. Njirayi idayamba kugwira ntchito zaka za m'ma 1970, dziko la America litangoponya setilaiti yoyamba ya Landsat mu 1972.

Masiku ano ntchito yambiri ikugwiridwa ndi Sentinel-2, ma setilaiti a mayiko a ku Ulaya. Yoyamba idakwera mu June 2015, yachiwiri mu March 2017. Zimauluka pa mtunda wa makilomita 786, zimadutsa pamwamba pa Bwanje masiku asanu alionse cha m'ma 10 koloko m'mawa, ndipo zithunzi zake aliyense wokhala ndi intaneti akhoza kuzitenga ulere. Kadontho kamodzi ka pachithunzi kamaimira malo a mamita 10 m'litali ndi 10 m'lifupi, kutanthauza kuti ekala imodzi ili ndi timadontho pafupifupi 40. Makina akale a MODIS, amene ochenjeza za njala adawadalira zaka zambiri, kadontho kake kamodzi kamameza maekala oposa 15, minda ya mabanja angapo, njira, chulu ndi manda omwe.

Ubwino wa diso limeneli ndi woonekeratu. Silitsata phula, silidikira alawansi, silidya nsima kwa amfumu, ndipo silikuyembekeza kukwezedwa pantchito. Munda wa m'mbali mwa M5 ndi munda wa kuseri kwa dambo limaiyeza tsiku limodzi ndi muyezo umodzi. Komanso silitaya kukumbukira: chithunzi cha February uno chikhoza kuikidwa pambali pa cha February wa zaka zisanu zapitazo, pamene munthu amakumbukira chaka cha njala ndi chaka cha mwanaalirenji n'kuiwala zaka zonse zapakatikati.

Pamene luso limeneli limagwira bwino kwambiri m'chigwa muno ndi kumpoto kwake, mbali ya Dedza, m'dera la Inkosi Kachindamoto. Kumeneko kuli sikimu ya mthirira ya Bwanje Valley, ya mahekitala 800, imene idamangidwa ndi thandizo la dziko la Japan kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, yopatutsa madzi mumtsinje wa Namikokwe. Alimi pafupifupi 2,000 amalimamo mpunga, aliyense pamalo oyandikira ekala imodzi. Minda yake ndi yoduladula mwadongosolo, mbewu yake ndi imodzi, ndipo chilimwe kumwamba kumakhala kopanda mtambo. Zikatere chithunzi chimanena poyera kuti madzi afika pati ndipo alekera pati, ndani ali kumutu kwa ngalande ndipo ndani ali kumchira, nkhani imene pamsonkhano wa alimi imatha kudya tsiku lonse.

Sikimuyi nayo ili ndi mbiri yake ya kusamva. M'chaka cha 2009, ofufuza atatu a ku Wageningen m'dziko la Netherlands, a Gert Jan Veldwisch, a Alex Bolding ndi a Philippus Wester, adalemba kuti okonza mapulani ake adabwera ndi sikimu yomalizamaliza kuchokera kunja n'kuitula m'chigwa, kuiwala dala zimene masikimu ena a mu Africa adaphunzitsa kale za kufunsa eni nthaka. Madzi a Namikokwe adapezeka osakwana kuthirira malo onse chilimwe, ndipo patapita zaka padamangidwa damu ndi ndalama za European Union.

Kunja kwa sikimu, m'minda ya mvula imene imadyetsa anthu ambiri a ku Bwanje, diso lija limayamba kuchita chidima. Vuto loyamba ndi mitambo. Miyezi imene mlimi afunitsitsa kudziwa za mbewu zake, kuyambira December mpaka March, ndiyo imene kumwamba kumatsekeka, moti masabata akhoza kudutsa popanda chithunzi choyera. Ma setilaiti ena a radar, monga Sentinel-1, amaboola mitambo, koma amaona msinkhu ndi chinyontho, osati mtundu wa tsamba.

Vuto lachiwiri ndi lakuti setilaiti imayeza kubiriwira, osati chimanga. Munda umene mwini wake wadwala malungo n'kulephera kupalira umabiriwira kuposa wa mnzake wakhama, ndipo pamapu umaoneka ngati wachita bwino. M'munda umodzi wa ku Ntcheu mumapezeka chimanga, nandolo, khobwe, maungu oyanga pansi ndi mtengo wa mango pakati, zonse m'timadontho tochepa. Msangu ndiye umazunguza mutu kwambiri, chifukwa umayoyola masamba dzinja n'kuphuka chilimwe, mosemphana ndi mitengo inzake. Ndipo chimanga chikachita chikasu, chithunzi chimangoti chikasu. Sichinena ngati ndi njala ya feteleza, kapena madzi adikha m'makande mizu n'kubanika, kapena ndi kaufiti, amene amayamwa mizu pansi kwa masabata maluwa ake asanaonekere pamtunda. Matenda atatu, mankhwala atatu osiyana, mtundu umodzi pa kompyuta.

Ma drone amachepetsako mavutowa, poti amauluka pansi pa mitambo ndipo amaona tsamba ndi tsamba. Dziko la Malawi lidatsogola pa nkhaniyi: mu June 2017 boma ndi UNICEF adatsegula malo oyesera ma drone ku Kasungu, ndipo mu January 2020 kudatsegulidwa sukulu ya African Drone and Data Academy ku Lilongwe. Koma batire la drone wamba silikhalitsa, ndipo woulutsa amaimirira pamene galimoto yake yatha kufika.

Mbozi ya m'mtima mwa chimanga

Kumayambiriro kwa 2016, kumadzulo kwa Africa kudapezeka mbozi yachilendo yochokera ku America, imene asayansi amaitcha Spodoptera frugiperda. Pofika nyengo ya 2016/17 idali italowa m'Malawi, ndipo mu December 2017 Pulezidenti Peter Mutharika adalengeza za ngozi m'maboma 20 mwa 28. Ntchemberezandonda zakale zinkabwera chigulu, kuyenda poyera, kudya n'kupita. Iyi imabisala m'mtima mwa chimanga, momwe masamba atsopano amatulukira, n'kusiya ndowe zonga utuchi. Pamutu pake pali chizindikiro cha Y wozondoka, chakumchira kuli timadontho tinayi. Gulugufe wake amauluka usiku, amatha kuyenda makilomita 100 kusanache, ndipo wamkazi mmodzi amaikira mazira oposa 1,000.

Munda umene mboziyi yadutsamo umawawa m'maso: masamba obookabooka, ong'ambika, olendewera. Pamenepa mpamene maso amanamiza mwini wake. Mu 2017 bungwe la CABI lidafunsa alimi kuti akuganiza kuti ataya zochuluka bwanji. Ku Ghana yankho lidali pafupifupi 45 peresenti, ku Zambia 40. Patapita zaka ziwiri, ofufuza a bungwe la CIMMYT motsogozedwa ndi a Frédéric Baudron adatulutsa zimene adapeza atayeza minda yeniyeni kum'mawa kwa Zimbabwe: pafupifupi 12 peresenti. Malo ndi nyengo zidali zosiyana, choncho manambalawa sangafananizidwe mwachisawawa, komabe akugwirizana ndi chimene odziwa chimanga amanena, kuti phesi limapirira kudyedwa masamba ngati mtima wake sudaphedwe ndipo chinyezi ndi chakudya zilipo. Kutaya 12 pa 100 si masewera kwa banja lokolola matumba khumi. Koma mantha a 40 amathamangitsa munthu kukagulitsa mbuzi kuti agule mankhwala a m'botolo losalembedwa, n'kupopera wopanda chophimba kumaso.

Palinso msampha wina wobisika kwambiri. Mlimi amathira mankhwala tsiku limene munda waipitsitsa, kaya ndi dothi, phulusa, msuzi wa usipa wothira shuga kapena a kusitolo. Koma munda umaipitsitsa pamene mbozi zakula, ndipo mbozi yokula yatsala masiku ochepa kuti itsikire m'nthaka kukasanduka gulugufe, chifukwa kudya kwake konse kumatha masabata awiri kapena atatu. Mvula yamphamvu nayo imapha timbozi tating'ono. Sabata yamawa masamba atsopano amatuluka osalala, athire asathire, ndipo ulemu wonse umapita kwa mankhwala. Sikuti njira zakumudzi n'zachabe: msuzi uja umaitana nyerere, ndipo nyerere zimadya mbozi. Koma wofuna kudziwa chimene chagwiradi ntchito ayenera kusiya mizere ina osathira kanthu kuti afananize. Kunena n'kosavuta. Kuuza munthu wa theka la ekala kuti asiyire mbozi mizere isanu chifukwa cha sayansi, pamafunika nkhope youma.

Kuchokera kumwamba mboziyi sioneka, ndipo pamene kudya kwake kwasintha NDVI nthawi yopopera imakhala itadutsa. Choncho bungwe la FAO lidabwerera ku miyendo. Malangizo ake amati woyendera munda asiye mizere ya m'mphepete, alowe mkati moyenda mokhotakhota ngati chilembo cha W, aime malo asanu, ndipo pamalo aliwonse ayang'ane mapesi khumi otsatizana, odwala ndi athanzi omwe. Mapesi 50, osasankha. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma pano pali china choposa kudekha: lamuloli limalanda diso ufulu wothamangira phesi loipitsitsa. Mu 2018 FAO idatulutsa pulogalamu ya pafoni yotchedwa FAMEWS, momwe alangizi ndi alimi otsogola amalemba zimene awerenga m'munda ndi m'misampha yokopa agulugufe aamuna, ndipo manambalawo amakaonekera pamapu. Mapu otere ayenera kuwerengedwa mosamala. Pamene palibe kadontho sipakutanthauza kuti palibe mbozi. Nthawi zambiri ndi pamene palibe foni, netiweki kapena mayunitsi.

Chimanga cha m'kompyuta

Phunziro lowawa kwambiri pa nkhani ya kuyang'anira minda uli kutali lidachitikira dziko lonse la Malawi nyengo ya 2015/16. Boma lidagula inshuwalansi ya chilala ku African Risk Capacity, bungwe la African Union, pa mtengo wa madola a ku America pafupifupi 5 miliyoni. Ganizo lake lidali labwino ndithu. M'malo modikira kuti anthu ayende m'midzi, alembe malipoti, akangane, kenako apemphe thandizo, kompyuta yotchedwa Africa RiskView inkatenga muyezo wa mvula wochokera ku setilaiti, n'kuwerengera ngati chimanga chamwa madzi okwanira pa msinkhu uliwonse. Madziwo akaperewera kufika pa mlingo wogwirizana, ndalama zituluke msanga, popanda wonyengerera kapena wokokomeza.

Chaka chimenecho chilala cha El Niño chidaumitsa minda m'chigawo cha kummwera ndi mbali zina za pakati. Mu April 2016 a Peter Mutharika adalengeza za ngozi, ndipo kauniuni wa m'midzi adapeza kuti anthu 6.5 miliyoni afunika chakudya. Kompyuta ija idati okhudzidwa ndi chilala ndi anthu pafupifupi 21,000, choncho palibe cholipira.

Setilaiti sidaname kwenikweni za mvula. Cholakwika chidali chimanga chimene anthu adachibzala m'kompyutamo. Pokonza makinawo adalembamo kuti alimi a m'Malawi amabzala mbewu yochedwa kucha, ya masiku 120 mpaka 140. Ofufuza a ku yunivesite ya LUANAR atapita m'midzi kukafunsa, adapeza kuti alimi ambiri adasinthira kalekale ku mbewu zocha msanga, za masiku 90 kapena kuyandikira apo. Kusiyanaku n'kwakukulu, chifukwa chimanga chimaopa ng'amba kwambiri pa nthawi yomasula ngayaye ndi ndevu. Ng'amba idapeza chimanga cha m'minda chili pa msinkhu umenewo n'kuchipsereza, pamene chimanga cha m'kompyuta chidali chikadali chaching'ono, chokhoza kudikira mvula yam'mbuyo. Atasintha nambala imodziyo, makina omwewo, ndi mvula yomweyo, adati okhudzidwa ndi anthu pafupifupi 2 miliyoni. Mu November 2016 bungwelo lidavomera kulipira madola 8.1 miliyoni, ndipo ndalamazo zidafika mu January 2017, miyezi isanu ndi inayi chilengezereni ngozi, pamene ntchito yonse yothandiza anthu inkafuna madola pafupifupi 395 miliyoni. Bungwe la ActionAid lidatulutsa lipoti lodzudzula kwambiri inshuwalansiyi chaka chomwecho.

Chochititsa manyazi n'chakuti nambala imene idasowa sidali chinsinsi. Wogulitsa mbewu aliyense pa Sharpevale kapena pa Golomoti akadanena, osaganizira kawiri, mapaketi amene amatha msanga mvula ikayandikira. M'chigwa chotentha chonga Bwanje, momwe mvula imatha kudula msanga, mlimi adasiya kale kudalira mbewu yochedwa yokha. Nambala ya masiku 120 mpaka 140 idalowa m'makina chifukwa ndi imene okonza ankaidziwa, ndipo itangolowa idavala ulemu wa kompyuta. Ofufuza za ndege ndi zachipatala adaona kalekale kuti munthu akapatsidwa yankho ndi makina amasiya kulifunsa mafunso, ngakhale maso ake akumuuza zina. Mapu a mitundumitundu pakhoma la ofesi amatseka pakamwa anthu amene akadatsutsa mlangizi mosavuta.

Chifukwa chake, ntchito yeniyeni ya akatswiri a zithunzi za kumwamba imachitikira pansi. Kuti kompyuta iphunzire kusiyanitsa chimanga ndi udzu, kapena kumasulira kubiriwira kukhala matumba, pamafunika anthu oyenda ndi GPS, chingwe ndi sikelo, osankha minda mwamaere osati mwa kufupika kwake, oyeza kachigawo ka munda, kukolola, kuyanika ndi kuika pa sikelo. Ku Uganda, ofufuza a World Bank ndi a David Lobell a ku Stanford University adachita zimenezi n'kupeza kuti manambala a Sentinel-2, akawongoledwa ndi zokolola zoyezedwa chonchi, amatha kulondola monga zoyeza za pansi zomwezo, pamene zokolola zimene alimi ankanena pakamwa zinkapitirira zenizeni, makamaka pa timinda ting'onoting'ono.

Dziko la Malawi lidayamba laisiya inshuwalansi ija, kenako lidabwereranso makina atakonzedwa. Mu 2022 lidalandira madola 14.2 miliyoni chifukwa cha chilala cha nyengo ya 2021/22. Mu March 2024, El Niño atabweranso, Pulezidenti Lazarus Chakwera adalengeza za ngozi m'maboma 23 mwa 28, ndipo ulendo uno African Risk Capacity idapereka madola 11.2 miliyoni mwezi wa August chaka chomwecho.